Apongozi Kuseri kwa Chitenje

Chaka chimene apongozi anga aamuna anabwera kudzagona pabalaza pathu, ine ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti mvula ikangokata, msewu wa ku Karonga n'kuuma, ndibereka mwana wanga ndi kukwera basi kubwerera kwathu ku Chiradzulu. Banja ndinali nditatopa nalo. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale mayi anga ondibala, chifukwa akanandifunsa kuti, "Kodi mwamunayo wakulakwira chiyani?"

Nanga ndikanati chiyani? Amuna anga sankandimenya. Mowa sankaulawa. Za akazi ena sindinamvepo, ndipo pa Boma pa Chitipa nkhani zotere sizibisika, zikanandipeza pamsika dzuwa lisanafike paliwombo. Anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Mlandu wawo unali umodzi wokha: ankakhala pansi. Basi. Ine ndikamazungulira, uku madzi, uku moto, uku matewera, iwo ali phee pampando wa ndalema pakhonde, wailesi pamwendo, kumvera zandale. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka kumene, mwamuna aliyense atasanduka katswiri wodziwa mmene dziko liyenera kuyendera. Dziko ankalidziwa ndithu, koma ndowa yopanda madzi ili pafupi ndi phazi lawo sankaiona. Ndinkaitenga ndekha n'kupita nayo kumjigo.

Tsono apa ndi pamene mutu wanga unkaimira, chifukwa ine sindinali mkazi wosowa thandizo. Ku Chitipa ndinabwera ndekha, ndisanakwatiwe, ndi chikwama chimodzi. Ndinkakwera pamwamba pa lole kupita ku Tunduma kukapikula zitenje, mabeseni apulasitiki ndi sopo, nditavala buluku mkati mwa chitenje, poti lamulo loletsa akazi mabuluku linali litangochoka. Ndinkakangana mitengo ndi amalonda akumeneko m'Chiswahili changa chothyokathyoka mpaka iwo n'kugonja chifukwa chotopa nane. Denga likadontha ndinkakwera ndekha kukamata phula. Chitseko chikaguluka ndinkatenga hamala. Amayi anzanga pamsika ankandiloza n'kumati, "Uyu ni mwanalume," kutanthauza kuti ndine mwamuna, ndipo ine ndinkamva kukoma. Amuna anganso ankanyadira. Alendo akabwera ankawauza kuti mayi awa sadikira munthu, chilichonse amathana nacho okha.

Ndiye munthu wotereyu angathetse banja chifukwa cha mbale? Ndinkadzifunsa tsiku ndi tsiku, yankho osalipeza. Mnzanga wina wogulitsa usipa wouma, nditamudandaulira pang'ono chabe, anati, "Iwe, geni yako ikuyenda, lemba wantchito." Ankanena zoona, ndikanatha. Koma vuto silinali loti ntchito sizikugwiridwa. Zinkagwiridwa, pakhomo pankawala. Ine ndinkafuna kuti agwireko iwowo, ndi manja awo, tsiku limodzi lokha, ine ndisanawauze. Chifukwa chake sindinkachidziwa bwino. Mwina n'chakuti kwathu mkazi sagwira ntchito yekha, amakhala pamudzi wa mayi ake, uku mchemwali, uku azakhali, wina akusinja wina akumugwirira mwana. Kuno ine m'bale wanga anali mmodzi yekha, yemwe uja wa pampando. Ndinayesa kumufotokozera mnzangayo zimenezi, anangondiyang'ana n'kupitiriza kuyala usipa wake.

Kupempha ndiye ayi. Mawu akuti "ndithandizeni" ankafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkaona kuti ndikawatchula ndiye kuti ndavomera kulephera, ndipo mkazi uja wokwera lole anali wabodza. M'malo mwake ndinkalankhula ndi ziwiya. Mapoto ndinkawagwetsa dala. Ndowa ndinkaitula mwamphamvu mpaka madzi kutayikira. Ndinkasesa khonde lonse mpaka tsache kugunda nsapato zawo, iwo n'kukweza miyendo mwaulemu n'kuti, "Yewo, mama," khutu lili pa wailesi. Yewo, ndiye kuti zikomo! Ndinkalakalaka nditawakwapula nalo tsachelo. Zaka zisanu tinakhala choncho.

Mu Febuluwale uthenga unabwera kuchokera kumudzi kwawo, kupitirira Kaseye, wakuti bambo awo anadzitema ndi khasu pamwendo, chilonda chakana kupola, chayamba kununkha. Achipatala anati azibwera tsiku lililonse kudzatsukidwa, ndipo ife ndi amene tinali pafupi ndi chipatala. Apongozi aakazi anamwalira kalekale, amuna anga ali mwana. Alamu anga aakazi anali awiri, wina anakwatiwa ku Zambia, wina ku Nthalire, ndipo nthawi yamvula ku Nthalire ndi kutali kuposa ku Zambia. Panalibe wina woti n'kumusamala mkuluyo.

Sindikunena kuti Chitipa yonse ili choncho, kuno dera lililonse lili ndi chilankhulo chake ndi zochita zake. Koma kwa amuna anga, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Salowa m'chipinda chimene iwo ali. Sakhudza zovala zawo kapena zofunda zawo. Kuphika amaphika, koma wokapereka chakudyacho amakhala wina. Akafuna kulankhula nawo, mawu amadzera mwa munthu wachitatu. Akakumana panjira, mkamwana amapatuka kulowa patchire, kaya pali chitedze. Mkuluyo ali kumudzi zimenezi sizinkandivuta, poti tinkapitako pa Khirisimasi pokha, ine n'kumakhala kuseri ndi amayi apamudzipo. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo nkhope, ndinkangodziwa chipewa chawo ndi msana.

Koma nyumba yathu ya lendi inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndipo chitseko chakuchipinda chinkatulukira pabalaza pomwepo, pamene mkuluyo ankayenera kugona.

"Ndiye ine ndizituluka bwanji, pawindo?" ndinafunsa.

Amuna anga anakanda mutu, kenako anandipempha zitenje zitatu zapamalonda. Ndinawapatsa zija zinakana kugulidwa, zamaluwa achikasu. Anakhoma misomali, anamanga chingwe kuchokera pachitseko chakuchipinda mpaka pachitseko chakuseri chotulukira kukhitchini, n'kupachika zitenjezo kufika nazo pafupi ndi pansi. Kanjira kanga kanali kameneko, kopanikiza, koyenda chammbali. Masana ake anapita ndi njinga kukawatenga.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga ya masiku onse n'kupeza moto wayaka kale pambaula, madzi akuwira. Ndinaima. Amuna anga anali akusakaniza madzi otentha ndi ozizira m'beseni, akuyesa ndi chigongono mmene timachitira posambitsa khanda. Analowa nawo kwa bambo awo. Anatuluka ndi chitini chimene mkuluyo ankatayiramo madzi, anakakhuthula kuchimbudzi, anachitsuka ndi phulusa. Anasesa pabalaza. Ndinkamvera kuseri kwa chitenje mmene tsache linkayendera, ndipo ndinadziwa kuti limeneli si dzanja lophunzira lero, linkalowa m'makona, linkasuntha mipando. Kenako anamangirira zigubu zinayi panjinga, ulendo wa kumjigo. Pobwera anakapereka phala, anakweza bambo awo pakaliyala kupita nawo kuchipatala, anabwera nawo, ndiye n'kuthamangira kusukulu.

Loweruka anachapa bulangete. Abale inu, bulangete! Amene anachapapo bulangete lochindikala nthawi yamvula akudziwa chimene ndikunena. Ine ndinkafuna kuona mmene alepherere. Ndinakhala pakhomo la khitchini ndikusankha nyemba, diso lili uko. Analiponda ndi mapazi m'beseni, analitsukuluza katatu, kenako anakoleka mbali imodzi panthambi ya mango n'kulipotokola okha mpaka madzi kutha. Njira imeneyo ine sindinkaidziwa. Ine ndinkafinya pang'onopang'ono ndi manja mpaka mikono kuwawa.

"Kodi zimenezi munaphunzira kuti?" ndinafunsa.

"Amama atamwalira, mukuganiza kuti ankatichitira ndani?" anayankha choncho basi, uku akuyanika.

Ndinalowa m'khitchini n'kukhala pansi. Ndiye kuti zaka zonsezi munthuyu ankadziwa! Ndikanakhala kuti ndinakwatiwa ndi mbuli yosadziwa kugwira tsache, bwenzi ndikuti ndi mmene analeredwera. Koma awa ankadziwa kulemera kwa bulangete lonyowa, ndipo ankandiona ndikulimbana nalo mwezi ndi mwezi n'kumangosintha siteshoni. Mtima unandiwawa kuposa kale. Ndinachita nsanje, ndikuvomera, nsanje ndi nkhalamba yodwala mwendo. Ndinafika poganiza kuti kapena nanenso ndidziteme ndi khasu.

Pamsika nkhani inali yomweyo. Amayi amene ankawaona kumjigo ankandizungulira. "Uli na mwawi iwe," ankatero, kunena kuti ndili ndi mwayi. Wina wakumwera mnzanga anandikodola n'kuti, "Tatiuza, wawadyetsa khuzumule eti? Utigawireko." Ine ndinkaseka nawo, mano okha. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amuna anzawo sankawaseka ayi, ankawayamikira kuti mwana wosamala kholo ndi ameneyu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina nkhani ndi imeneyi, chigubu cha bambo n'chaulemu, chigubu cha mkazi n'chamanyazi. Koma chigubu ndi chomwecho, mjigo womwewo. Ndinkaganiza mpaka kumupatsa kasitomala chitenje chimene sanaloze.

Komanso, kunena zoona, thupi langa linkapuma. Madzi amene ankatunga ankakwanira tonse. Chibadwire mwana wathu, aka kanali koyamba kuti ndizifika pamsika ndisanatope, ndi kumwa tiyi nditakhala pansi. Ndinkawayang'ana akukankha njinga ya zigubu m'matope, malaya atanyowa thukuta, n'kumva kanthu kena mumtima kamene ndinali nditakaiwala, kaja ndinkamva tili pachibwenzi. Kenako ndinkakumbukira kuti zigubuzo si za ine, mkwiyo n'kubwerera. Tsiku limodzi ndinkawakonda ndi kudana nawo kangapo dzuwa lisanalowe.

Ndiye pali ichi chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Khitchini inali yanga, chilichonse chinali ndi msomali wake. Iwo akalowamo ankapachika sefa pamene pamakhala chipande, ine n'kumabwera m'mbuyo mwawo kukonza, ndikung'ung'udza. Akasesa pabwalo ndinkadikira achoke n'kudutsamonso ndi tsache, ngakhale panalibe chotola. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza pachingwe, pambali pa malaya a bambo awo, pali timadiresi ta mwana wathu ndi chitenje changa chapakhomo, zochapidwa bwino, zoyanikidwa chotembenuza kuti zisasuluke. Chimene ndinachilirira zaka zisanu chinali lendelende pachingwe. Mukudziwa chimene ndinanena?

"Izi ndani wakutumani?"

Anandiyang'ana, anati, "Pepani, mama, zinali pamodzi m'dengu." Sanabwerezenso. Ine ndinalowa m'bafa, ndinadzimenya pakamwa, ndinalira osadziwa chimene ndikulirira. Mwina ndinkaopa kuti akayamba kuchita zanga, ine ndikhala ndani pakhomopo. Mwina ndinakwiya kuti zabwera ngati zotsala za apongozi. Kaya. Ndinaona kuti munthu wosadziwa chimene akufuna ngati ine ndi bwino angopita kwawo asiye kuzunza mwana wa eni ake. Ulendo wa ku Tunduma wa mwezi umenewo sindinapite, katundu amene analipo ndinkangomugulitsa kuti athe.

Apongoziwo ndiye tinkadziwana ndi chifuwa. Ndikafuna kudutsa m'kanjira kanga ndinkayamba ndatsokomola, iwo n'kutsokomolanso, kusonyeza kuti amva ndipo atembenukira kukhoma. Pansi pa chitenje ndinkaona mapazi awo okha, limodzi lomangidwa bandeji, lina laming'alu. Chitumbuka chapamsika ndinkachimva, koma Chilambya chimene ankalankhula bambo ndi mwana wake chinkandidutsa, ndinkangotolamo liwu limodzi kapena awiri. Zonse zinkadzera mwa amuna anga. Ankaima kumapeto kwa chitenje, pamene tonse awiri tinkawaona, n'kumati, "Akuti mwadzuka bwanji." Ine n'kuti, "Muwauze kuti ndadzuka, kaya iwo ndi mwendowo." Iwo n'kubwera nalo yankho: "Akuti uliko bwino. Akutinso nyemba zadzulo zinakoma, koma mchere muzichepetsako." Nthawi zina ndinkaseka ndekha poona kuti m'masabata amenewo ine ndi amuna anga tinkalankhulana kwambiri kuposa chaka chonse chapitacho, ngakhale kuti mawuwo anali ongodutsa.

Chilonda chinauma mu Epulo. Mvula inayamba kudukiza, kamphepo kozizira ka kuno kanayamba kuwomba, malole ankafika kuchokera ku Karonga opanda matope m'matayala. Achipatala anati mkuluyo angathe kubwerera kwawo. Tsiku lonyamuka linali Loweruka. Amuna anga anamangirira kamtolo ka bambo awo kutsogolo kwa njinga, ine ndinawaikira shuga ndi mchere m'kajumbo. Tinadya mbatata ndi tiyi, iwo uko ine kuno. Ndinasonkhanitsa makapu ndi mbale m'beseni, ndipo ndikudutsa nalo m'kanjira kaja amuna anga anati, "Dikirani, akufuna kutsanzika."

Ndinagwada pomwepo, beseni lili patsogolo panga. Mapazi aja anali kutsidya, tsopano atavala nsapato zamatayala. Mkuluyo analankhula, amuna anga n'kumasulira: "Akuti yewo chomene. Akuti mwawasunga bwino, Chiuta akudalitseni."

Yankho lake ndinkalidziwa. Ndinkayenera kuwomba m'manja n'kunena kuti ayende bwino, akapereke moni kumudzi. Koma ndinayang'ana misomali ija n'kuona kuti madzulo ano zitenje zitsika, mawa wailesi ibwerera pamwendo, madzi abwerera pamutu panga, ndipo sabata yamawa ndikwera basi munthuyu asakudziwa n'chifukwa chake chomwe. M'malo mwake ndinati:

"Muwauze kuti amene wawasunga si ine, ndi mwana wawo."

Anawauza. Mkuluyo anaseka pang'ono.

"Muwauzenso kuti mwana wawoyo amachapa bulangete kuposa ine. Zaka zisanu ndakhala naye, sindinkadziwa."

Amuna anga anandiyang'ana. "Mama, zimenezo n'zouza munthu wamkulu?"

"Auzeni. Si mwambo wanu womwewu? Ine pano ndilibe pakamwa, pakamwa panga ndinu."

Anatembenuka, ananena timawu tingapo.

"Mwadula," ndinatero. "Ine ndanena zambiri."

"Yayi, ndanena zonse."

"Chabwino, onjezani izi. Muwauze kuti mkamwana wawo amatha zonse yekha. Amatunga, amawaza nkhuni, amakwera padenga, sanapemphepo munthu kanthu. Muwauze kuti watopa. Osati thupi ayi, thupi likadali ndi mphamvu. Watopa kuzitha yekha wina akuonerera." Ndinali nditayamba kale, sindikanaima. "Muwauze kuti mwana wawo akapanda kugwira ntchito ndimakwiya, akagwira ndimakwiyanso, moti inenso sindikudzimvetsa. Muwafunse ngati kumudzi kuli mankhwala a matenda amenewa."

Sindinayambe ndalankhulapo choncho kwa amuna anga, ndipo ndikhulupirira kuti popanda chitenje chija ndi mapazi aja sindikanatha. Zinapepuka chifukwa sindinkauza iwo, ndinkangowatuma.

Amuna anga anayang'ana pansi. Kenako anatembenukira kwa bambo awo n'kulankhula motsitsa. Kuti anafikitsa zingati, kaya anangoti mkamwana wanu akuti muyende bwino, sindidziwa. Patapita kanthawi mkuluyo anayankha. Anali mawu ochepa, anayi kapena asanu, n'kutsokomola.

Amuna anga sanandiyang'ane kumaso.

"Akuti... akuti mwana wawo sankadziwa. Akuti munthuyo akadzuka amapeza zonse zachitika kale, madzi atungidwa, pabwalo pasesedwa, ndiye amasowa pogwira. Akuti amaopa. Akuti inu mumachita zinthu mwachangu ndi mwaukhondo, iye akagwira amaona ngati akukuonongerani, ndipo nkhope yanu imanena zomwezo. Akuti pa Boma ponse pano amadziwa kuti inu simufuna thandizo la munthu, ndiye iye ankaganiza kuti kukhala pansi ndi kukulemekezani." Anapitiriza kuti, "Akuti ulesi unaliponso, asaname. Akuti analakwa, anayenera kufunsa. Akuti katundu akutha pabenchi yanu koma simukupita kukapikula wina, iye waona. Akuti musapite."

Kalanga ine! Timawu tinayi ta nkhalamba ija tinabala zonsezi? Ndinayang'ana mapazi aja pansi pa chitenje, anali phee, osagwedezeka. Mpaka lero sindidziwa chimene apongozi anga ananena m'mawa umenewo. Mwina anangoti dzuwa likukwera, tiyeni tizipita. Anamwalira patapita zaka ziwiri ndisanawaonebe nkhope, ndipo ngakhale akanakhala ndi moyo, ndikanawafunsa kudzera mwa yani? Amuna anga ndikawafunsa amangoti, "Si ndinakuuzani tsiku lomwelo."

Ndinapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Muwauze kuti ndamva," ndinatero.

Sanatembenuke kuti akawauze. Anangogwedeza mutu.

Atanyamuka ndinatulutsa beseni panja, ndinathiramo madzi, ndinafika mpaka pogwira kapu yoyamba. Makapu anayi ndi mbale zitatu, ntchito yoti ndikanaimaliza mwana asanamalize kuvala nsapato. Ndinabweza kapuyo. Ndinalisiya beseni pakati pa bwalo, poonekera, ndinabereka mwana n'kupita kumsika.

Tsiku limenelo sindinagulitse bwino, maganizo onse anali pabwalo paja. Ntchentche. Nkhuku za aneba. Amayi odutsa aziti chiyani, mkazi uja wa ku Chiradzulu wayamba uve. Ndinkadzifunsa ngati ndikuyesa amuna anga kapena ndikudziyesa ndekha, komanso ngati munthu wamkulu ndi nzeru zake angaike banja lake lonse m'beseni la makapu. Nanga akabwera n'kulilumpha besenilo kupita pampando, ndidzati chiyani? Nanga akatsuka, ine n'kukwiyanso? Kawiri konse ndinanyamuka kuti ndikangozitsuka zithe, kawiri konse ndinakhalanso pansi. Kondakitala wa basi ya ku Karonga anadutsa pabenchi panga n'kundipatsa moni, ine ndinayankha ndikuyang'ana kumbali.

Ndinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, ndinapeza beseni lili pomwe ndinalisiya, nyerere zitazungulira m'mphepete. Ndinakhala pachiwundo cha khonde, ndinamusendera mwana nthochi. Posakhalitsa ndinamva belu la njinga. Anafika atatuwa ndi fumbi mpaka m'nsidze, atatoperatu, poti kupitirira Kaseye n'kubwerako tsiku limodzi, wina ali pakaliyala, si masewera. Ndinawamvera chisoni. Mtima wina unkati, munthu watopa chonchi, nyamuka iwe, ziyambe mawa. Anatsamiritsa njinga kukhoma. Anayang'ana beseni, anayang'ana ine, kenako anapinda manja a malaya.

"Sopo ali kuti, mama?"

Miyendo yanga inali itayamba kale kunyamuka yokha kuti ndikawatengere, ndipo ndikudziwa kuti ndikanafika naye pabesenipo ndikanati sunthani. Ndinapanira manja pakati pa mawondo mpaka kuwawa.

"Ali pawindo la khitchini," ndinatero. "Mukamaliza musamusiye m'madzi."